Botolo la Pansi pa Bedi

Botolo lija kale linali la sikwashi. Amayi analichotsa chipepala chake, nkulitsuka ndi madzi owira mpaka linayera mbee. Pakamwa pake anaphimbapo kapulasitiki ka buledi, nkumanga ndi mphira yakuda yodula ku chubu cha njinga. Mkati munali madzi ofiirira ngati tiyi wochepa masamba, ndipo m'madzimo munaimirira timitengo ta masamba osongoka ngati singano. Lero ndimadziwa kuti botolo lotere ukalikweza padzuwa limakongola. Koma nyengo imeneyo ine ndinkaliona mumdima, pansi pa bedi la bambo, kuseri kwa sutikesi, ndipo ndinkaliopa kuposa njoka.

Inali nyengo yachisanu, ine ndili mu giredi folo. Tinkakhala ku Kafue Estates, m'kanyumba ka zipinda ziwiri: bambo, amayi ndi ine basi. Bambo ankagwira ntchito pa fakitale ina kumafakitale a ku Kafue, mpaka pamene anayamba kutsokomola kosalekeza. Kuchipatala anati ndi chifuwa chachikulu, nkuwapatsa mapilisi oti amwe miyezi yambiri. Mapilisiwo anawaphera mkamwa. Nshima ankati ikumveka ngati thonje, nyama ngati chitsulo. Ankatsina kawiri, nkukankha mbale. Lamba wawo anaboola mabowo atsopano ndi msomali, ndipo m'mawa uliwonse ankakhala pampando panja, atafunda bulangete, kuwothera dzuwa ngati nkhalamba. Amayi anawapatulira mbale yawo, kapu yawo ndi supuni yawo, ndipo ine anandiletsa kuzikhudza.

Kamtengo kamene kanali m'botolomo kankamera kuseri kwa nyumba yathu. Amayi ankagwira ganyu kumunda wina wa ndiwo zamasamba ku Shimabala, kumene ankalimanso timasamba tonunkhira togulitsa ku Lusaka. Tsiku lina, bambo asanadwale, anabwera ndi kanthambi atakakulunga m'kansalu konyowa. Anati dzina lake ndi rozimeri. Anakapulula masamba a kumunsi, nkukaika m'kapu ya madzi pawindo mpaka kanatulutsa timizu toyera. Dothi la kwathu ndi lakuda, lomata, losunga madzi, ndiye amayi anakatapa mchenga, nkusakaniza ndi dothilo m'tayala lakale, kutali ndi mpopi, nkubzalamo kanthambi kaja. Anzawo ankawaseka kuti akusamala chinthu chosabala chipatso, chosaphikika ndiwo, pamalo poti pakanamera repu. Amayi sanali munthu wofotokoza zinthu. Ankangoseka. Ine mawu amene anandiuza za kamtengoka anali amodzi okha, tsiku limene anandipeza ndikukathirira ndi chigubu chodzaza: "Aka kamafa na chikondi. Ukakatilila maningi, kaola."

Mantha anga anayambira ku Sande sukulu. Tchalitchi chathu chinkasonkhana m'kalasi ya pasukulu, ndipo ife ana tinkakhala pansi pa mtengo ndi aphunzitsi athu, mnyamata wa mawu osasa chifukwa cha kufuula popemphera. Lamlungu lina anatiphunzitsa za ntchito za mdima. Anatsitsa mawu, nkutiyang'ana mmodzimmodzi. Mawu awo ndimawakumbukira onse: "Bana banga, mukaona botolo ili na mizu mukati, yomanga na chakuda, baibisa pansi pa bedi, zibani kuti mdani ali mu nyumba mwamene." Anawonjeza kuti anthu otere amathira zinthu m'chakudya cha munthu mmodzi yekha, munthuyo nkumauma pang'onopang'ono, ndipo ukawafunsa amakhala ndi lilime lozuna. Sindiwada aphunzitsi aja. Anali mwana nawonso, ndipo ankangosangalala kuona maso athu akutong'oka. Koma sankadziwa kuti mawu amene munthu wataya pansi pa mtengo, mwana amawatola nkupita nawo kunyumba.

Sabata yomweyo ndinkasewera chiyato ndekha m'nyumba, kuponya mwala m'mwamba nkumakokera timiyala. Mwala wanga unagubuduzika nkulowa kuchipinda, pansi pa bedi. Ndinagona chafufumimba, nkulowetsa mkono. Zala zanga zinakhudza chinthu chozizira. Nditasuzumira ndinaona zonse monga momwe aphunzitsi ananenera: botolo, timitengo mkati, mphira yakuda pakamwa. Pamwamba pake penipeni ndi pamene bambo ankatsamiritsa mutu. Mwala uja ndinausiya komweko. Ndinatuluka chokwawa chammbuyo, nkukabisala kuseri kwa chimbudzi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwazonda amayi anga. M'mawa bambo akatuluka kukawothera dzuwa, amayi ankalowa kuchipinda, nkugwada, nkusolola botolo lija. Ankalikhutchumula pang'onopang'ono akuyimba kakolasi chapansipansi, nkuliyang'ana kuwindo, nkulibwezera kumdima. Ine ndinkaonera pa mpata wa chitseko. Masana akakazinga nsomba, ankatenga kabotolo kena kakang'ono m'kabati, ka madzi a mtundu womwewo koma kopanda timitengo, nkudontheza pa nsomba ya bambo yokha. Yanga ayi, yawo ayi. Tsiku lina ndinayesa kutambasulira dzanja kumbale ya bambo kuti ndione chimene amayi achite. Anandimenya padzanja, phwa! "Iwe! Mbale ya badadi bako siugwila. Ufuna kufa?" Iwo ankanena za chifuwa. Ine ndinamva zina.

Sindinayambe ndakhalapo ndi mantha ngati a masabata amenewo, ndipo ndakula ndaona zambiri. Ndinali ndi njira ziwiri, zonse zaminga. Ndikaulula, amayi awatenga, mwina kuwamenya pamsewu monga momwe ndinaonera gogo wina ku msika akuponyedwa miyala. Ndikakhala chete, bambo afa, ndipo ine ndidzakhala ndinkadziwa. Kusukulu ndinkangoyang'ana bolodi osaona kanthu. Pobwerera ndinkayenda pang'onopang'ono, kumvetsera kutali ngati kwathu kukumveka kulira kwa maliro. Mphepo yozizira yochokera kumtsinje wa Kafue inkang'amba milomo, fumbi lili kobo, ndipo ndikakhota pakona nkuona bulangete la bambo lili pampando, mutu wawo ukugwedezeka, ndinkapuma. Ndinaganizapo zokathira madzi ambiri m'tayala muja kuti kamtengo kaole, poti amayi anali atandiuza okha imfa yake. Koma ndinkaopa kukayandikira. Ngakhale fungo lake, limene linkatsalira m'manja mwa amayi akamandipesa tsitsi, linkandiimitsa mtima.

Chimene chinkandizunguza kwambiri nchakuti amayi sanasinthe. Ankandidzola mafuta m'miyendo yotuwa m'mawa uliwonse. Ankandisungira mkute wa mbatata. Ndinkawayang'ana kumaso kufunafuna chizindikiro, maso ofiira kapena china chake, koma ndinkangopeza amayi anga otopa, a mizere iwiri pamphumi. Ndinkapemphera kuti Mulungu awakhululukire asanawagwire anthu. Kuwafunsa sindikanatha. Mwana wa masiku amenewo sankafunsa mayi ake kuti kodi ndinu mfiti.

Ndiye Loweruka lina kunabwera azakhali, mlongo wamkulu wa bambo, pa minibasi kuchokera ku Lusaka. Azakhali sanawakondepo amayi chikwatiridwire. Anali munthu woti akalowa m'nyumba amayamba wapititsa chala pa tebulo, nkuchiyang'ana. Ataona mmene mlongo wawo anawondera analira mokweza, kenako anavala chitenje nkuyamba kusesa, kuti aliyense aone kuti wodwala akugona m'fumbi. Anatulutsa matiresi kukayanika. Anakoka sutikesi. Ine ndinali pakhomo ndikuchotsa mamba a nsomba ndi amayi, ndipo ndinamva tsache likugunda galasi, ngwee! Mpeni unandipulumuka m'manja.

"Yesu! Mwazi wa Yesu!" anakuwa azakhali. Anatuluka atagwira botolo ndi pepala la pulasitiki kuti lisawakhudze khungu, nkuliimika pakati pa bwalo. Posakhalitsa mitu ya anthu inali itandanda pampanda. Ku Estates nyumba nzoyandikana, munthu akayetsemula oyandikana nawo amayankha.

"Mulamu, ichi ni chani?" anafunsa azakhali.

"Ni viniga, ba mulamu," anayankha amayi, manja ali mambamamba. "Viniga na rozimeri, uja uli mu tayala."

"Viniga ya pansi pa bedi? Viniga yomanga na mphila yakuda, pa mutu pa mulongo wanga?"

Tsiku limenelo ndi pamene ndinamva koyamba amayi akufotokoza chinthu mpaka kumapeto. Anati kumunda kuja anaphunzira kuti ukadula nthambi za rozimeri, kuzitsuka, kuziumitsa pamthunzi mpaka dontho la madzi lisatsale, nkuzimiza mu viniga wogula kusitolo, fungo lake limalowa mu vinigayo. Anati botolo limafuna malo amdima ndi ozizira kwa masabata angapo, ndipo m'nyumba ya zipinda ziwiri malo otere ndi pansi pa bedi basi. Anati chotsekera chachitsulo viniga amachidya dzimbiri, nchifukwa chake anaphimba ndi pulasitiki nkumanga ndi mphira. Anati kukhutchumula nkothandiza kuti fungo lituluke, ndipo likapsa amasefa ndi kansalu nkuthira m'kabotolo ka m'kabati. Anati ndi chinthu chokhacho chimene chinkadzutsa mkamwa mwa bambo. Zonsezi zinali zoona, ndipo lero ndimachita chimodzimodzi m'khitchini mwanga. Koma kwa azakhali kunali kuthira madzi pamsana pa bakha. Ine ndinkafunitsitsa kukhulupirira, koma m'mutu munkamveka mawu a aphunzitsi onena za lilime lozuna.

Bambo anadzuka pampando, atagwira khoma. "Ba sisi, lekani," anatero ndi mawu otha mphamvu. "Ni zoona. Pakankala viniga iyo ndiye nimadyako." Chifuwa chinawadula.

"Iwe nkala zii," anatero azakhali. "Muntu bakamusiliza ndiye mwamene amakambila."

Amayi anapukuta manja pachitenje, nkuyandikira botolo. "Letani nimwe, muone."

"Mfiti siifa na mankwala yake," anatero azakhali, nkutembenukira kwa ine. "Ngati ni viniga zoona, mupaseni mwana wanu uyu."

Ndinayang'ana amayi. Ndinkayembekeza kuti aseka, anene kuti bwera mwanawe ulawe, nkhani nkutha. Koma nkhope yawo inasintha, inauma ngati sindinaionepo. Anaima pakati pa ine ndi botolo.

"Awe," anatero. "Mwana wanga simuzayeselapo ufiti wanu. Nitukaneni ine, uyu musiyeni."

Tsopano ndine mayi, ndipo ndikudziwa chimene ankakana. Ankakana kuti mwana wawo aimikidwe pabwalo ngati nkhuku yoyesera mwabvi, anthu akuonerera. Koma ine pa msinkhu umenewo ndinamva chinthu chimodzi chokha: amayi akana kuti ndimwe chifukwa akudziwa kuti ndifa. Kachiyembekezo kamene kanatsala mumtima kanazima pomwepo.

"Mwaona?" azakhali anauza anthu a pampanda, akuwomba m'manja. "Mwaona mweka! Mulamu, longani katundu. Lelo lamene muyenda kwanu. Mwana asala, tinalobola."

Amayi anayang'ana bambo, amene anali atagweranso pampando akutsokomola, misozi ili m'maso. Kenako analowa m'nyumba. Ndinamva sutikesi ikukhwekhwerezedwa pa simenti, ndi chitseko cha kabati chikulira. Kwawo kwa amayi kunali kutali kummawa, kumudzi kumene ine ndinali ndisanafikeko. Ndinaona m'maganizo mwanga minibasi ikuwatenga, ine nditatsala ndi azakhali ndi chala chawo cha pa tebulo, kopanda wondidzola mafuta, kopanda wowatembenuza bambo akatsamwa. Zoti ndi mfiti kapena si mfiti zinachoka m'mutu. Ndinkangofuna kuti asapite.

Pa mbaula panali chiwaya cha nsomba zimene amayi anali atakazinga kale. Sindikumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinanyema chidutswa cha nsomba, ndinapita pakati pa bwalo, nkugwada pafupi ndi botolo. Mphira ija inali yomangika zolimba, mwakuti ndinaimasula ndi mano. Fungo linandilasa m'mphuno, lowawasa, losakanikirana ndi lina ngati la masamba a bulugamu mvula itangogwa. Ndinathira pansomba mpaka zinayenderera m'chigongono. Pamenepo amayi anatulukira pakhomo, sutikesi ili m'manja. Maso athu anakumana.

"Mami," ndinatero, "nikafa musayende. Musale na badadi."

Ndinatsinzina, nkuponya nsomba yonse mkamwa.

Inandiluma lilime, inandikwera m'mphuno, misozi inatuluka yokha. Ndinameza. Ndinakhala chogwada, maso ali chitsinzinire, kudikira imfa. Ndinkaganiza kuti iyambira m'mimba, ndiye ndinkamvetsera m'mimbamo. Ndinamva galimoto yaikulu ikudutsa kumsewu wa ku Lusaka. Ndinamva nkhuku ya oyandikana nafe ikutetera. Imfa siinabwere. M'malo mwake, mkamwa munatsala kukoma kumene sindinakumvepo, nsomba ya mu Kafue yomweyo imene ndinkadya masiku onse koma itadzuka, ndipo malovu anadzaza. Ndinatsegula diso limodzi. Anthu onse anali chiyang'anire.

Amene anaswa chetecho anali mayi wina wa nyumba yoyandikana nafe, wogulitsa tomato pamsika. Analowa pampata wa mpanda, ananyema nsomba m'chiwaya osapempha, anaithira viniga, nkutafuna akuyang'ana kumwamba. "Ah," anatero, "ngati uyu ndiye ufiti, bamake mwana, munidulileko kamutengo nikabyale." Anthu anaseka. Kuseka kukayamba, mlandu wa ufiti sukhalanso ndi miyendo. Mitu inayamba kuchoka pampanda umodziumodzi. Bambo, amene anali atapezanso mpweya, ananena kuti ngati anthu atha kulawa, iwo akufuna nsomba yawo isanathe.

Azakhali sanapepese. Anthu otere sapepesa. Anangonena kuti nyumba ya Mkhristu siyenera kukhala ndi zinthu zokayikitsa, anakana nshima, nkukwera minibasi dzuwa lisanapendeke. Bambo anachira patapita miyezi, ndi mapilisi a kuchipatala, osati ndi viniga, ngakhale iwo mpaka ukalamba wawo ankakonda kunena kuti mapilisi anachiza chifuwa koma botolo ndi limene linachiza njala.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinawapeza amayi kuseri kwa nyumba, atakhala pa njerwa pafupi ndi tayala lija. Sutikesi anali atabwezera, botolo analitsekanso nkuliika m'katoni pamwamba pa kabati, ndipo silinabwererenso pansi pa bedi. Anali atathyola kanthambi, akukapotokola m'zala. Ine ndinabwera ndikudzimva ngati msilikali wobwera kunkhondo. Ndinkayembekeza kuti andiyamika, mwina kundigulira chitumbuwa.

Anandikokera pafupi, osandiyang'ana kumaso. "Unali kuganiza kuti uzafa zoona?" anandifunsa.

"Ee," ndinayankha monyadira.

"Kuyambila liti?"

"Kudala. Pamene ninaiona pansi pa bedi."

Amayi anandigwira mutu nkuutsamiritsa pachifuwa pawo, ndipo ndinamva thupi lawo lonse likugwedezeka. Pabwalo paja, azakhali akuwatcha mfiti pamaso pa anthu, sanagwetse msozi ndi umodzi womwe. Tsopano ankalira ngati pamaliro, mopanda mawu, manja awo onunkhira rozimeri ali m'tsitsi langa. Ine ndinadabwa. Tinali titapambana, azakhali anali atapita, bambo anali atadya nsomba yonse. Ndinaganiza kuti mwina mawu a azakhali angowapweteka mochedwa, ndiye ndinawasisita pamsana nkumati, "Musalile, Mami, bayenda."

Sindikanatha kudziwa pa msinkhu umenewo kuti azakhali sanali kanthu kwa iwo. Chimene chinawaliza chinali choti masabata onse aja, pamene ankandidzola mafuta ndi kundisungira mbatata, mwana wawo yekhayo ankawayang'ana nkumaona mfiti, ndipo ngakhale ankaona mfiti, anasankha kufa kuti mfitiyo isachoke pakhomo.